Galu wamkulu amamva ndithu: mmene mungamuphunzitsire "khala", "dikira" ndi "bwera"

Ndikamauza anthu kuti galu wanga Phulusa ndinamutenga ali kale wamkulu, adokotala a ziweto atayang'ana mano ake anati ali ndi zaka ngati zisanu, ambiri amangopukusa mutu n'kuti aaa kuwongola mtengo n'poyamba, ameneyo muzingomudyetsa basi zomuphunzitsa iwalani. Nde ine ndimangoseka chifukwa galu yemweyo lero ndikati khala amakhala, ndikamuitana amasiya zomwe akununkhiza n'kubwera, kupatula pakadutsa mphaka, imeneyo tikulimbana nayobe ndifotokoza kumapeto. Galu si mtengo abale. Kunena zoona wamkulu amaphunzira ndithu, ndipo mosiyana ndi kamwana ka galu, sabalalika mutu chisawawa, satafuna nsapato iliyonse, amatha kukuyang'anani nthawi yaitaliko. Vuto lake ndi limodzi, anakhalako kwina musanakumane ndipo zomwe anaona kumeneko amabwera nazo, dzanja likakwera m'mwamba iye ali kale ndi tanthauzo lake, mawu ena omwe inu mukuona ngati atsopano iye anawamva kale ndipo mwina ankatsatana ndi ndodo. Choncho ntchito yonse yagona pomusonyeza kuti pakhomo pano kumvera kumalipira ndipo kubwera kwa inu sikuthera m'mavuto.

Masiku oyamba musaphunzitse kanthu

Ndikudziwa mtima umakhala uli dyokodyoko, mwabwera naye kunyumba mukufuna mawa lomwe ayambe kupereka dzanja anzanu aone. Dekhani kaye. Wanga masiku atatu oyamba anangobisala kunsi kwa tebulo, chakudya amadya usiku ine nditagona, tsiku lachinayi nditatenga tsache kuti ndisese anangoti nyomi pansi makutu kumbuyo mpaka kukodza pomwepo, ine osamuyandikira n'komwe. Apo ndinadziwa kuti tsache kwa iye si losesera. Galu wotere mukayamba kumuuza khala khala palibe chimene chilowe, mantha akadzaza m'mutu malo ophunzirira sakhalapo.

Anthu osunga agalu otayidwa amakonda kunena za 3-3-3, kuti masiku atatu oyamba galu amakhala wosokonezeka, pakatha masabata atatu amayamba kuzolowera mmene pakhomo pamayendera, pakatha miyezi itatu ndipamene amamva kuti pano mpakwathu. Si lamulo ayi, agalu amasiyana, koma zimathandiza kuti musataye mtima sabata yoyamba. Nthawi imeneyi mupatseni malo ake ogona pomwe palibe womusokoneza, chakudya nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, kutuluka panja nthawi yomweyomweyo, ana muwauze asamukumbatire kapena kumutsatira komwe wabisala. Musamuweramire kuchokera pamwamba, khalani pansi chammbali mumusiye abwere yekha kudzakununkhizani.

Komanso pitani naye kwa dokotala wa ziweto musanayambe chilichonse. Katemera wa chiwewe ndi mankhwala a njoka za m'mimba n'zodziwikiratu, koma muwapemphenso aone mano, makutu ndi chiuno. Galu wachikulire amene mafupa a m'chiuno akumuwawa safuna kukhala pansi, wosamva bwino sangabwere mukamuitana, ndiye inu muzingoti ngwamwano pomwe mnzanuyo akudwala.

Zofunika kukhala nazo

Si zambiri. Tizidutswa ta chakudya chokoma, monga nyama ya nkhuku yowiritsa yopanda mchere kapena chiwindi, todula ting'onoting'ono ngati chikhadabo cha kachala kakang'ono, toti amangomeza osataya nthawi kutafuna. Muike m'kathumba kapena m'thumba la malaya pomwe dzanja lifike msanga. Madokotala amalangiza kuti tokometsera totere tisapitirire 10 peresenti ya chakudya chake cha tsikulo, nde ngati mwaphunzira kwambiri chepetsaniko cham'mbale. Chokoleti, mphesa zaziwisi kapena zouma, anyezi, adyo ndi zotsekemera zilizonse zokhala ndi xylitol (chotsekemeretsa chomwe amaika m'malo mwa shuga) ndi poizoni kwa galu, mafupa ophika nawo amasweka n'kumubaya m'mimba, zimenezo ayi.

Chingwe cha mamita awiri choyendera, china chachitali cha mamita 5 mpaka 10 chophunzitsira kubwera, ndi lamba wovala pachifuwa. Galu wamantha akadzidzimuka amabwerera chammbuyo n'kuvula kolala ya m'khosi ngati akuvula chipewa, mukamazindikira ali uko. Tcheni chothina pakhosi chija chisiyeni.

Nthawi yophunzira ikhale yochepa, mphindi zitatu mpaka zisanu, kawiri kapena katatu patsiku, asanadye osati atakhuta. Yambani m'nyumba kapena pamalo opanda phokoso.

Liwu loyamba ndi "eya"

Apa mpamene pali chinsinsi chonse ndipo ambiri amapadumpha. Galu amalumikiza mphoto ndi chimene akuchita pa nthawi yomweyo, sekondi imodzi kapena ziwiri basi. Akakhala pansi inu n'kuyamba kufufuza m'thumba, iye n'kudzuka n'kuyang'ana nkhuku panja, inu n'kumupatsa, mwamulipira chifukwa choyang'ana nkhuku osati kukhala. Nde pamafunika liwu lalifupi lomuuza kuti chimenecho, chomwe wachita panopa ndicho ndikufuna, chakudya chikubwera. Ine ndimati "eya". Ena amagwiritsa ntchito kachipangizo kodina kolira kuti kli kotchedwa clicker, n'chimodzimodzi, kungoti pakamwa simungapaiwale kunyumba.

Nzeru imeneyi si yanga. Ivan Pavlov wa ku Russia, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1904 chifukwa cha kafukufuku wa kagayidwe ka chakudya m'mimba, anaona kuti agalu ake ankayamba kuchucha dovu akangomva kaphokoso komwe anazolowera kuti kamatsogolera chakudya. Kenako B.F. Skinner wa ku America m'zaka za m'ma 1930 anasonyeza ndi makoswe kuti nyama imabwereza chomwe chayibweretsera phindu. Ndipo Karen Pryor amene anatchukitsa clicker kwa agalu anayambira kuphunzitsa ma dolphin ku Hawaii m'ma 1960 ndi wezulo ndi nsomba, taganizani nyama yoti ili m'madzi simungaimange chingwe simungaikwapule, koma imalumpha nthawi yomwe mwaiuza.

Kaphunzitsidwe kake n'kosavuta mpaka mumaona ngati mukusewera. Khalani naye pafupi, nenani "eya", kenako tulutsani kachidutswa mumupatse. Dikirani pang'ono, bwerezani. Osamuuza kuti achite kanthu. Liwu liyambe, dzanja libwere pambuyo, musamachite pamodzi chifukwa azingoyang'ana dzanja osamva liwulo. Chitani ka 15 kapena 20, kwa masiku awiri. Mudzadziwa kuti zalowa mukanena "eya" iye akuyang'ana kwina n'kutembenuka msangamsanga makutu ali njo. Kuchokera apo, "eya" aliyense azitsatana ndi chakudya, ngakhale mutalakwitsa inuyo n'kunena pa nthawi yolakwika mupatseni basi, ngongole ndi ngongole.

Dzina nalo n'chimodzimodzi. Tchulani dzina kamodzi, akakuyang'anani "eya" n'kumupatsa. Ngati anabwera ndi dzina lakale ndipo mukalitchula amanyowa kapena kuzemba, lisintheni, agalu sadandaula za dzina, masiku ochepa amazolowera latsopano. Chachikulu musamagwiritse ntchito dzina pomukalipira.

Khala

Imani kapena gwadani patsogolo pake. Gwirani kachidutswa pakati pa zala mukaike pamphuno pake penipeni, pafupifupi kukhudza. Kenako kwezani dzanjalo pang'onopang'ono kulowera chakumbuyo kwa mutu wake pakati pa makutu. Mphuno ikamatsatira m'mwamba matako amatsika okha, thupi lake linapangidwa choncho. Akangogunda pansi, "eya", mupatseni akadali chikhalire. Akamalumpha ndiye kuti dzanja mwakweza kwambiri, tsitsani. Akamabwerera chammbuyo chitirani pakona pomwe khoma limutchinge.

Musamukankhe matako ndi dzanja. Galu woti simukudziwa bwino thupi lake kumugwira kumbuyo mwadzidzidzi n'kuputa dala, komanso mukamukankha iye amalimbalimba kukankhira m'mwamba.

Onani kuti mpaka pano liwu loti khala sitinalitchule. Mumayamba kulinena mukaona kuti dzanja likangokwera iye akukhala mosakayika, tinene kasanu ndi katatu pa maulendo khumi. Apo nenani "khala" kamodzi, dikirani kamphindi, kwezani dzanja, akakhala "eya". Kamodzi abale, osati khala khala khala iwe khala, chifukwa akatero amaphunzira kuti lamulo ndi la kachinayiko ndipo atatu oyambawo ndi nyimbo chabe.

Pano ndiulule pomwe ine ndinalakwitsa. Ndinakhala masabata awiri chakudya chili m'dzanja nthawi zonse, ndikusangalala kuti galu wanga ndi wanzeru, tsiku lina kutabwera mlendo ndati khala m'manja mulibe kanthu, Phulusa anangoyang'ana dzanja langa, n'kundiyang'ana kumaso, n'kuchokapo kkkk. Iye anaphunzira kuti nyama ikaoneka timakhala, isanaoneke palibe nkhani. Nde inu chotsani chakudya m'dzanja msanga, akachita bwino maulendo asanu kapena khumi yambani kukweza dzanja lopanda kanthu ngati muli nacho, akakhala "eya" kenako mutulutse m'thumba ndi dzanja linalo. Azidziwa kuti malipiro amabwera ntchito ikatha ngakhale sakuwaona. Dzanja lokwera lija limasanduka chizindikiro chake, ndipo mudzaona kuti agalu ambiri amamva dzanja msanga kuposa mawu.

Agalu ena a miyendo italiitali ngati ma greyhound kukhala kumawavuta mwachibadwa, ngati wanu ali choncho kapena ali ndi nyamakazi musamukakamize, dumphani mupite ku gona.

Gona

Ali chikhalire, kachidutswa pamphuno, tsitsani dzanja molunjika mpaka pansi pakati pa miyendo yake yakutsogolo, kenako likokereni pang'onopang'ono kwa inu mokhweresa pansi. Zigongono zikagunda pansi "eya". Akadzuka ndiye kuti mwakoka msanga. Kugona pamaso pa munthu kumafuna kuti galu amukhulupirire, nde wamantha amachedwa, lipirani ngakhale theka, wangoweramitsa mutu mupatseni, mawa wapinda mwendo umodzi mupatseni. Pasimenti pozizira ambiri amakana, yalani kansalu. Njira ina yaulesi koma yogwira, muzingomuyang'anira madzulo, akamagona yekha nenani "eya" n'kumuponyera kachidutswa pakati pa miyendo, posakhalitsa ayamba kumagona dala akukuyang'anani.

Dikira

Musanaphunzitse kudikira sankhani liwu lomumasula, ine ndimati "basi". Popanda limeneli galu sadziwa kuti kudikira kumatha liti ndiye amadzimasula yekha.

Muuzeni akhale, muonetseni chikhatho chotambasula, nenani "dikira", werengani mumtima sekondi imodzi yokha, "eya", mupatseni, kenako "basi" n'kumukopa kuti adzuke. Ulendo wina masekondi awiri, kenako atatu, asanu, nthawi zina kubwerera pa awiri kuti asamaone ngati zikungokulirakulira. Pali zinthu zitatu zomwe zimavuta galu pa kudikira, kutalika kwa nthawi, kutalikira kwa inu, ndi zosokoneza zomwe zikuchitika pambali, ndipo mumawonjezera chimodzi pa nthawi osati zonse pamodzi. Akafika masekondi 15 kapena 20 inu muli pompo ndipamene mumayamba kusuntha, phazi limodzi kumbuyo n'kubwerera, mapazi awiri n'kubwerera. Muzibwerera inu kwa iye kukamulipira pamalo pomwe wakhalapo, mukamamuitana kuchokera patali nthawi zonse amayamba kukhala ngati wothamanga wodikira wezulo. Akadzuka nthawi isanakwane palibe kukalipa, mubwezereni pamalo pake muchepetse, mwapempha zambiri ndinu. Kulephera kawiri motsatizana ndiye kuti bwererani sitepe imodzi.

Pomwe "dikira" amagwira ntchito zenizeni ndi pakhomo ndi pageti. Ali pachingwe, gwirani chitseko mutsegule pang'ono, akangodzuka tsekani mwakachetechete osamupana mphuno, akakhala tsegulaninso. Iye yekha amatulukira kuti matako akakhala pansi chitseko chimatseguka, akadzuka chimatsekeka, apa simufunanso nyama chifukwa kutulukako ndiye malipiro. Galu wongobwera kumene amathawa kwambiri masabata oyambirira ndipo sadziwa njira yobwerera, nde ili musalichedwetse.

Bwera

Ili ndiye lamulo lomwe tsiku lina lidzapulumutse moyo wake pamsewu, komanso ndi lomwe anthu timaliwononga tokha. Ndikuuzeni zanga. Mwezi wachiwiri munthu wina anasiya geti losatseka, Phulusa anatuluka, ine kumuthamangira ndikukuwa bwera bwera, iye akaima n'kundiyang'ana ndikayandikira n'kuthawanso, mpaka mphindi ngati 40 thukuta lili kamukamu mtima uli m'mwamba poopa magalimoto. Pomaliza anabwera yekha mchira uli pansi akukwawa, ine ndi mkwiyo wonse uja ndinamugwira pakhosi n'kumukalipira mpaka kunyumba. Sindinamumenye koma zinakwanira. Kwa masabata awiri ndikati bwera amaima patali mamita atatu n'kumanyambita milomo, osasuntha. M'mutu mwake sanalangidwe chifukwa chothawa, kuthawako kunali kalekale, analangidwa chifukwa chobwera poti ndicho anamaliza kuchita. Ndinachita kusiya liwulo n'kuyambiranso ndi lina, pano ndimati "kuno". Nde ngati wanu mukati bwera amazengereza kapena kuzemba, mwina liwulo linaipitsidwa kale komwe anachokera, musalimbane nalo sankhani lina kapena likhweru.

Yambani m'nyumba ali pafupi, mamita awiri okha. Tchulani dzina, nenani liwulo kamodzi ndi mawu osangalala, bwererani chammbuyo mukuomba m'manja pang'ono kapena gwadani chammbali. Akangoyamba kuyenda kulunjika kwa inu "eya", akafika mupatseni osati kamodzi koma tizidutswa titatu kapena tisanu, kamodzikamodzi, mukumuyamikira ngati wabwera ndi chikho. Chakudya chokoma kuposa zonse chisungireni lamulo limeneli. Ngati muli awiri m'nyumba khalani motalikirana muzimuitana mosinthana, agalu amaikonda gemu imeneyi koopsa.

Akazolowera wonjezerani kanthu kena kofunika, akafika gwirani lamba wake pang'ono ndi dzanja limodzi kenako mupatseni ndi linalo. Agalu ambiri otoledwa amaopa dzanja lopita kukhosi, amabwera n'kutsomphola chakudya n'kudumphira kumbuyo, nde tsiku la ngozi adzabwera koma simudzamugwira. Yambani ndi kungokhudza pachifuwa kuchokera kunsi osati kudutsa pamwamba pa mutu.

Kenako tulukani panja ndi chingwe chachitali chija, chomangirira pa lamba wa pachifuwa osati pakhosi chifukwa akathamanga n'kufika pothera chingwe khosi lingavulale. Musiyeni anunkhize, muitaneni pomwe mukuona kuti angathe kumva, osati mphuno ili kale m'dzenje. Akapanda kubwera musabwereze liwulo kakhumi ndipo musamukoke ngati nsomba, yendani motsatira chingwe mufike pafupi, muonetseni chakudya, bwererani naye mapazi angapo, mulipireni, ulendo wina muitanire pafupi. Ndipo pa maulendo khumi omwe mwamuitana, asanu ndi anayi mumulipire n'kumuuza "basi" abwerere kukasewera. Mukamangomuitana nthawi yolowa m'nyumba, yosamba kapena yomwa mankhwala iye si chitsiru, amadziwa kuti liwuli limathetsa chisangalalo. Zosasangalatsazo muzipita nokha kukamutenga.

Tsiku lomwe adzapulumuke, ndipo lidzafika, musamuthamangitse chifukwa miyendo inayi simungaipeze ndipo kwa iye imeneyo ndi gemu kapena chiopsezo. Itanani kamodzi mokweza, tembenukani muthamangire kwina mukuchita phokoso lachisangalalo, kapena khalani pansi ngati mwapeza chinthu chodabwitsa m'udzu, manyazi asiyeni kaye. Akafika, ngakhale wakuzunzani ola lathunthu, mezani mkwiyowo mumulipire. Kumuchotsa chingwe pamalo opanda mpanda musafulumire, zimatenga miyezi, ndipo agalu ena okonda kusaka amakhala pa chingwe chachitali moyo wawo wonse, palibe cholakwika.

Siya ndi lavula

Galu amene anakhalako m'misewu amatola chilichonse, nde awiriwa ndi ofunika. Fumbatani kachidutswa, muonetseni nkhonyayo. Anunkhiza, anyambita, akanda, inu duu osatsegula osayankhula. Akangochotsa mphuno ngakhale pang'ono "eya", mupatseni china chochokera m'dzanja linalo, osati chomwe anasiyacho. Akayamba kusiya msanga wonjezerani liwu loti "siya" musanamuonetse nkhonya, kenako chikhatho chotsegula, kenako pansi mutaphimba ndi phazi.

Lavula ndi pamene chinthu chili kale m'kamwa, ndipo njira yake ndi kusinthanitsa. Ali ndi chidole, ikani nyama pamphuno, akatsegula pakamwa "eya", adye, kenako mubwezereni chidolecho. Musalimbane naye kulanda chinthu m'kamwa kapena kulowetsa dzanja m'mbale yake akudya kuti eti azolowere, galu amene anagonapo ndi njala mukatero mukumuphunzitsa kuti dzanja ndi wakuba. Muzingodutsa patali n'kuponya kachidutswa kokoma pafupi ndi mbale, pang'onopang'ono aona kuti munthu akayandikira chakudya chimawonjezeka.

Za kukoka chingwe poyenda sinditaya nthawi, akakoka imani ngati chitsa, chingwe chikakhwepa yendani, akamayenda pambali panu muzimulipira pafupi ndi bondo lanu. Masiku oyamba ulendo wa mphindi zisanu umatenga theka la ola, pirirani. Koma muzimulolanso kununkhiza, ulendowo ndi wake.

Nanga osangomukwapula pang'ono adziwe bwana ndani?

Funso ili ndimalimva kwambiri, ena amati galu amafuna umuonetse kuti ndiwe alpha, kutanthauza bwana wa gulu, umugwetse chagada umupanikize. Maganizo amenewo anachokera pa kafukufuku wa mimbulu yotsekeredwa pamodzi kumalo osungira nyama ku Basel, Switzerland, yemwe Rudolf Schenkel anatulutsa mu 1947, mimbulu yosadziwana yomwe inkamenyana chifukwa inalibe kothawira. David Mech amene anafalitsa liwu la alpha m'buku lake la mu 1970 anadzakhala zaka akuonerera mimbulu yakutchire pachilumba cha Ellesmere ku Canada, ndipo mu 1999 analemba kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, bambo, mayi ndi ana awo. Mwiniwake anabweza mawu koma ife tikadali nawo. Bungwe la madokotala a khalidwe la ziweto ku America la AVSAB nalo mu 2021 linanena poyera kuti agalu aziphunzitsidwa ndi mphoto osati zowawa kapena zoopseza. Ine chifukwa changa n'chapafupi, galu amene anakodza ataona tsache ndikamumenya ndimuphunzitsa chiyani chomwe sakuchidziwa kale?

Phunzirani kuwerenga thupi lake. Kuyasamula pomwe alibe tulo, kunyambita milomo pomwe palibe chakudya, kutembenuza mutu maso oyera akuoneka, mchira pakati pa miyendo, kukana nyama yomwe amaikonda, zonsezi akuti zandikulira, imani kaye mupume. Akauma thupi gwa n'kuyamba kulira kukhosi kuja kwa grrr musamulange, galu wamkota sakandira pachabe, pali chomwe chamuopsa ndipo akukuchenjezani mwaulemu. Mukamuletsa kuchenjeza tsiku lina adzangoluma osanena. Patukani, ganizirani chomwe chinayambitsa, ndipo ngati zikubwerezabwereza kapena waluma kale munthu, makamaka pakhomo pali ana, pitani kwa dokotala wa ziweto ayambe waona ngati sakumva ululu penapake kenako akulozereni katswiri wa khalidwe la agalu, imeneyo si ya pa intaneti.

Kutuluka nazo panja

Chomwe chimakhumudwitsa ambiri n'choti galu amachita zonse bwinobwino m'khitchini, mukafika naye pamsewu amakhala ngati sanamvepo liwu loti khala chibadwire. Si mwano, agalu savuta kuphunzira koma amamangirira phunzirolo ku malo omwe analiphunzirira, kwa iye khala wa m'khitchini ndi khala wa pageti ndi zinthu ziwiri. Nde lamulo lililonse muliyambirenso m'chipinda china, pakhonde, pabwalo, kunja kwa geti, ndipo malo atsopano aliwonse tsitsani zofuna zanu n'kukweza malipiro. Akalidziwa bwino lamulo pamalopo mutha kuyamba kusinthasintha, pena nyama, pena kumuponyera mpira, pena kumutsegulira chitseko, koma pa bwera ine ndimalipirabe pafupifupi nthawi zonse mpaka lero. Onse a m'nyumba agwirizane mawu amodzi, lembani papepala mumate pakhoma ngati n'kotheka, chifukwa wina akamati gona, wina pansi, wina tsika, wosokonezeka ndi galu.

Za mphaka zija, pano tili apa. Ndinayeza kuti mphaka akakhala patali ngati mamita 20 Phulusa amamuona koma amamvabe dzina lake, kuyandikira kuposa apo makutu amatseka thupi lonse n'kumanjenjemera. Nde timaima pa mamita 20 pomwepo ali pachingwe, akayang'ana mphaka ndimati "eya" asanaganize zothamanga, amatembenuka n'kudya, ayang'anenso, "eya" kachiwiri, mpaka iye yekha wayamba kuti akaona mphaka amandiyang'ana ine kufunsa malipiro ake. Sabata yatha tinafika mamita ngati 12 mphaka atakhala phee pampanda. Akangothamanga mphakayo ndiye zonse zimabalalika, tikatero timabwerera pa 20 mawa lake.